Kodi Chinthu Chosawola N'chabwino Nthawi Zonse? Mtsutso wa Faibagalasi ndi Ulusi wa Kaboni

Pa 2 Januwale 2024, ndege ya Japan Airlines ya mtundu wa Airbus A350 itangotera pa bwalo la Haneda mumzinda wa Tokyo, inawombana ndi ndege yaing'ono ya gulu lolondera nyanja la dzikolo. Moto unabuka nthawi yomweyo. Mwa anthu 6 a m'ndege yaing'onoyo, 5 anafa, koma onse 379 amene anali m'ndege yaikulu anatuluka amoyo. Akatswiri ambiri anayamikira antchito a m'ndegemo, ndipo ena anawonjeza kuti thupi la ndegeyo, lomwe mbali yaikulu ndi la ulusi wa kaboni, linachedwetsa moto kulowa kumene kunali anthu.

Miyezi yochepa izi zisanachitike, pa 18 Juni 2023, kasitima ka Titan kanaphwanyika pansi pa nyanja ya Atlantic pa ulendo wokaona mabwinja a Titanic, omwe ali pa mamita pafupifupi 3,800 kuya kwake. Anthu 5 anafera momwemo. Thupi la kasitimako linalinso la ulusi wa kaboni. Ndiye chipangizo chimodzi chomwechi ena akuchitama kuti chinapulumutsa anthu, ena akuchiloza chala kuti chinapha anthu. Mkangano wa makompoziti ndi wotero kuyambira kale, ndipo ndikuona kuti ukutikhudza kuposa mmene timaganizira.

Kompoziti imapangidwa ndi zinthu ziwiri zimene pachokha chilichonse n'choperewera. Choyamba ndi ulusi, wa galasi kapena wa kaboni, wopyapyala kuposa tsitsi la munthu. Ulusiwu ndi wovuta kuudula poukoka, koma sungaime wokha. Chachiwiri ndi utomoni wa pulasitiki, monga epoxy kapena polyester, umene umauma gwa koma wokha suchedwa kusweka. Akaviika ulusi mu utomoni n'kuumitsa, ulusi umasenza katundu, utomoni umagwirizanitsa ulusiwo ndi kuuteteza ku madzi. Kompoziti ya ulusi wa galasi ndiyo faibagalasi. Ulusi wa galasiwu unayamba kugulitsidwa ku America cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo pofika mu 1953 galimoto ya Chevrolet Corvette inatuluka ndi thupi la faibagalasi. Ulusi wa kaboni wolimba unabwera pambuyo pake, kudzera mu ntchito ya Akio Shindo ku Osaka ndi ya akatswiri a ku Farnborough ku Britain, chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960.

Pali chinthu chimodzi chofunika kuchigwira msanga, chifukwa mtsutso wonse wagona pamenepa. Utomoni wa makompoziti ambiri ukauma, wauma mpaka kalekale. Chigubu cha pulasitiki wamba mutha kuchisungunula n'kuumba china. Utomoni uwu uli ngati mbiya yowotcha: ikatuluka pamoto, ngakhale mutaisinja n'kuthira madzi, siibwereranso kukhala dongo loumbira. N'chifukwa chake suopa mvula, mchere kapena chiswe. N'chifukwa chakenso ntchito yake ikatha umasowa kopita.

Okonda makompoziti amayamba ndi sikelo. Kachidutswa ka kompoziti ya kaboni kamalemera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a kachidutswa ka chitsulo kofanana nako kukula, ndipo kamapepuka kuposa aluminiyamu. Mu ndege, kilogalamu iliyonse imadya mafuta tsiku ndi tsiku kwa zaka makumi awiri kapena atatu. Boeing 787, imene inayamba kunyamula anthu mu 2011, theka la kulemera kwake ndi makompoziti, ndipo ya A350 ndi 53 peresenti. Boeing imati 787 imamwa mafuta ocheperako ndi pafupifupi 20 peresenti poyerekeza ndi ndege zimene inadzalowa m'malo mwake, ngakhale kuti gawo lina la phinduli likuchokera ku mainjini atsopano. Ethiopian Airlines inali yoyamba mu Africa kulandira ndegeyi mu 2012, choncho Amalawi ambiri odzera ku Addis Ababa anakwerapo kale ndege ya ulusi ndi utomoni osadziwa. Wokwera amapindulanso m'thupi: popeza kompoziti sichita dzimbiri ndiponso sitopa msanga ngati aluminiyamu, mpweya wa m'kati amausiya wachinyontho pang'ono, ndipo umafanana ndi wa pamalo okwera mamita 1,800 m'malo mwa 2,400 a ndege zakale. Munthu amatsika mutu usakuwawa kwambiri.

Mfundo yawo yachiwiri, imene kwa ine ndi yolemera kuposa ya ndege, ndi dzimbiri. Madzi ndi mchere zikalowa mu konkire n'kufika pa zitsulo za m'kati, dzimbiri limatupa kangapo kuposa chitsulo chimene ladya, ndipo limang'amba konkireyo kuchokera m'kati. Pa 14 Ogasiti 2018 mlatho wa Morandi ku Genoa, ku Italy, unagwa n'kupha anthu 43, ndipo ofufuza anapeza kuti nsambo zachitsulo zobisika mu konkire zinali zitadyeka. Lero kuli timitengo ta faibagalasi toika mu konkire m'malo mwa zitsulo. Timalemera pafupifupi kota ya chitsulo, ndipo mchere sutidya. Ku Jizan, m'mbali mwa nyanja ku Saudi Arabia, anamanga nato ngalande ya madzi osefukira yotalika makilomita oposa 20. Ku Aberfeldy, ku Scotland, kuli mlatho wa anthu oyenda pansi wa faibagalasi womwe unamangidwa mu 1992 pa mtsinje wa Tay. Okonda makompoziti amafunsa kuti: ngati tikudziwa kuti chitsulo chidzadyeka, n'chifukwa chiyani tikuchikwirirabe mu konkire pamalo amchere? Funso limeneli sindinamvepo wina ataliyankha mokhutiritsa.

Amatchulanso magetsi a mphepo. Mapiko a makina a mphepo a panyanja masiku ano amapitirira mamita 100 kutalika, ndipo phiko lotere silingapangidwe ndi chitsulo, lingathyoke ndi kulemera kwake komwe. Popanda faibagalasi, magetsi a mphepo sakanatsika mtengo mmene atsikiramu.

Otsutsa sakana zonsezi. Iwo amati vuto lili pa mmene kompoziti imafera. Chitsulo chimachenjeza: chimapindika, chimafiira ndi dzimbiri, mng'alu wake umaoneka ndi maso n'kumakula pang'onopang'ono. Kompoziti sipindika. Imapirira mpaka pa mlingo wake, kenako imathyoka kamodzi n'kamodzi. Choopsa china n'chakuti imapangidwa moyala nsalu za ulusi, ina pamwamba pa inzake. Sipanala ikagwera pa phiko la ndege, kunja kumatha kuoneka bwinobwino pamene m'kati nsaluzo zamatuka. Kuti munthu adziwe, pamafunika makina ounikira ndi mafunde a phokoso komanso katswiri wodziwa kuwerenga zimene makinawo akuonetsa. Mbiri ili nazo zitsanzo. Kampani ya Rolls-Royce inapanga mapeni a injini ya ndege ya RB211 ndi ulusi wa kaboni, koma poyesa kuwombetsa mbalame mu 1970 mapeniwo anaphwanyika, ndipo ichi chinali chimodzi mwa zimene zinagwetsa kampaniyo mu 1971 mpaka boma la Britain kuitenga. Mu Julayi 2024 phiko la mamita 107 linathyoka pa malo a magetsi a Vineyard Wind ku America, zidutswa zake n'kukafika m'magombe a chilumba cha Nantucket, omwe anatsekedwa kwa kanthawi.

Pa nkhani ya Titan, ine ndili ku mbali ya okonda makompoziti. Ulusi umalimba kwambiri ukamakokedwa, ndipo thupi la ndege limakokedwa chifukwa mpweya wa m'kati umalikankhira kunja. Pansi pa nyanja madzi amafinya kuchokera kunja, komwe ndi kufooka kwa ulusi. Akatswiri anachenjeza kampani ya OceanGate, mwini wa kasitimako, zaka zingapo ngozi isanachitike. Mu 2022 panamveka kuphulika kwakukulu m'thupi la kasitimako pobwera kuchokera pansi, koma maulendo anapitirira. Gulu lolondera nyanja la America linanena mu lipoti lake la mu Ogasiti 2025 kuti ngoziyo inali yopeweka. Apa wolakwa ndi munthu amene anakana kumva. Komabe otsutsa ali ndi yankho limene sindingalinyoze: chipangizo chimene chimabisa mabala ake chimafuna anthu okhulupirika ndi zida zodula kuti chisaphe, ndipo zinthu ziwirizi sizipezeka paliponse. Ndege za Airbus ndi Boeing zimaunikidwa motsatira malamulo okhwima. Nanga boti kapena mlatho wa kudera kumene woyendera amabwera mwa apo ndi apo?

Palinso zing'onozing'ono zimene mmisiri amakumana nazo. Utomoni wambiri umayamba kufewa kutentha kusanafike madigiri 200, pamene chitsulo chimafika cha m'ma 500 chisanafooke kwambiri, motero timitengo ta faibagalasi si toika mwachisawawa m'nyumba zosanja momwe mungabuke moto. Sitipindika pamalo omangira, wopanga ayenera kutipindiratu ku fakitale. Dzuwa limadya utomoni wosapakidwa bwino, ndipo madzi akalowa pansi pa khungu la boti amatulutsa matuza. Wogwira ntchito m'shedi yopangira maboti amapuma styrene, mankhwala amene bungwe lofufuza za khansa la IARC mu 2018 linawaika m'gulu la zinthu zimene mwina zimayambitsa khansa.

Koma pamene mtsutso umatentha zedi ndi pa dzala. Phiko la makina a mphepo limagwira ntchito zaka 20 mpaka 25. Nsanja yachitsulo, waya wa kopa ndi injini zimasungunulidwa n'kugwiranso ntchito, koma phiko ayi. Mu 2020 dziko linaona zithunzi za ku Casper, m'chigawo cha Wyoming ku America, zoonetsa mapiko mazanamazana atadulidwa n'kundandalikidwa m'dzenje, mathirakitala akukwirira. Ofufuza a pa yunivesite ya Cambridge anawerengera mu 2017 kuti pofika 2050 zinyalala za mapikowa zidzakwana matani 43 miliyoni pa dziko lonse. Mayiko monga Germany, Austria, Netherlands ndi Finland analetsa kale kutaya zotere kudzala.

Okonda makompoziti amayankha kuti walira mvula walira matope. Phiko lokwiriridwa silitulutsa utsi, ndipo matani amenewa ndi ochepa poyerekeza ndi phulusa la malasha limene malo opangira magetsi amatulutsa chaka chimodzi chokha. Zimenezi n'zoona, ndipo amene amagwiritsa ntchito zithunzi za ku Casper pofuna kuteteza malasha akunamiza anthu. Amanenanso kuti njira zikupezeka. Ku Germany amagaya mapiko n'kuwaponya m'ng'anjo za simenti, momwe utomoni umayaka ngati nkhuni, galasi n'kulowa m'malo mwa mchenga. Ulusi wa kaboni amauwotcha popanda mpweya kuti utomoni uchoke. Kampani ya Siemens Gamesa inatulutsa mu 2021 phiko la utomoni wotheka kuusungunula ndi mankhwala, ndipo mapiko oyamba otere anaikidwa pa malo a Kaskasi, panyanja ya ku Germany, mu 2022. Ku Cork, ku Ireland, anamanga kamlatho pogwiritsa ntchito mapiko akale.

Ndimayamikira ntchito zonsezi, koma tisakokomeze. Kuponya phiko m'ng'anjo ya simenti n'kulitentha basi, ngakhale kuli bwino kuposa kulikwirira. Ulusi wa kaboni wopulumutsidwa umatuluka waufupi, wosayeneranso phiko la ndege, pamene kuupanga poyamba kunafuna ng'anjo zotentha madigiri oposa 1,000 ndi magetsi ochuluka kangapo kuposa opangira chitsulo cholemera mofanana. Utomoni watsopano uja ukuthandiza mapiko a mawa, osati zikwizikwi zimene zikuzungulira kale. Ndipo milatho ya mapiko singamangidwe yokwanira kumeza matani mamiliyoni.

Maboti ndiwo akuonetsa bwino mmene zimathera ngati palibe mwini wa vuto. Kuyambira zaka za m'ma 1960 maboti a faibagalasi anachuluka kwambiri ku Ulaya ndi ku America, ndipo ambiri akalamba tsopano. Kuphwasula boti lotere kumafuna ndalama, ndipo palibe chogulitsapo. Eni ake ena amangolisiya m'matope a m'mbali mwa mtsinje n'kufufuta nambala. Boti lamatabwa likasiyidwa chotero limawola n'kutha. La faibagalasi limanyenyeka pang'onopang'ono. Ofufuza a ku Brighton ndi Portsmouth anapeza tizidutswa ta ulusi wa galasi m'matupi a nkhono za m'nyanja zodyedwa pa doko la Chichester, kumwera kwa England, pafupi ndi malo okonzera maboti. Dziko la France linachitapo kanthu: kuyambira 2019, wopanga kapena woitanitsa boti latsopano losangalalira amalipira kandalama ku bungwe la APER, ndipo bungwelo limaphwasula maboti akale popanda kulipiritsa mwini wake ntchito yophwasulayo.

Pali mfundo ina imene mbali zonse ziwiri zimaigwiritsa ntchito, iliyonse moikomera. Kompoziti yakutha ilibe msika. M'mizinda ina ya ku South Africa anayamba kuika zivundikiro za maenje a mapaipi zopanda chitsulo chifukwa zachitsulo zinkabedwa usiku n'kukagulitsidwa kwa ogula zitsulo zakutha, maenje n'kutsala kukamwa. Ifenso kuno tikudziwa za kubedwa kwa zitsulo za nsanja za magetsi ndi zikwangwani za pamsewu. Chinthu chimene wakuba sachifuna n'chamtengo wapatali m'dziko lotere. Koma taonani mbali inayo. Chifukwa chimene simuona chitsulo chitangogona m'misewu ya Lilongwe kapena Blantyre n'chakuti pali anyamata ochitola, ochiyeza pa sikelo, ndi amisiri ochisandutsa mbaula ndi makasu. Palibe lamulo linawatuma, mtengo wa chitsulocho ndiwo umawatuma. Chimene wakuba sachifuna, wotola sachifunanso, ndipo chidzakhala pamene chagwerapo.

Tsono tibwere ku nyanja yathu, kumene funsoli silili la m'mabuku. Bwato wosema umadya mtengo wathunthu, waukulu ngati mbawa, umene watenga zaka makumi ambiri kukula, ndipo mitengo yotere yasowa m'madera ambiri a m'mbali mwa nyanja. Boti lamatabwa limafunanso matabwa abwino, phula ndi kumata kosalekeza. Amene amati asodzi athu apite ku faibagalasi ali ndi mfundo: boti lake ndi lopepuka, injini simwa mafuta ambiri, siliwola, ndipo likabooka munthu wophunzitsidwa pang'ono amalimata ndi nsalu ya galasi, utomoni ndi burashi. Mtengo umodzi wosadulidwa ndi phindu lenileni.

Otsutsa amaloza Ilala. Sitimayi inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabwera m'zidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Ndi yachitsulo. Nyanja ya Malawi si yamchere, choncho dzimbiri, lomwe ndi chifukwa chachikulu chimene a ku Jizan anasankhira faibagalasi, kuno lilibe ukali womwewo. Wowotcherera amapezeka pafupifupi pa msika uliwonse, pamene utomoni ndi nsalu ya galasi n'zoitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale, ndipo utomoni sukhalitsa m'chitini, makamaka kotentha ngati ku Mangochi ndi ku Salima. Amakumbutsanso kuti boma linaletsa mapepala apulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 mu 2015, Khoti Lalikulu la Apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, koma majumbo anapitirira kudzaza ngalande kwa zaka. Dziko limene likulimbanabe ndi jumbo, lidzatani ndi boti la mamita 8 losawola, litagona pa gombe pamene amayi amatsuka mbale ndi kuyanika usipa?

Nditaziyeza zonsezi, sindingagwirizane ndi amene amakana makompoziti kotheratu. Pamene kulemera kumawotcha mafuta tsiku lililonse, monga mu ndege, ndi pamene mchere umadya chitsulo mobisa, monga m'milatho ya m'mbali mwa nyanja zamchere, kukana chipangizochi n'kusankha utsi wambiri ndi ngozi zambiri. Mapiko a mphepo, ngakhale ali ndi vuto la dzala, ndi abwino kuposa malasha. Koma sindigwirizananso ndi ogulitsa amene amanena za kulimba kokha ngati kuti nkhani imathera pomwepo. Akamati chinthu chidzakhala zaka 50, tiziwafunsa kuti m'chaka cha 51 adzachinyamula ndani, ndipo ndi ndalama za yani. Pamene chitsulo kapena thabwa la mitengo yobzala likukwanira, monga pa mipando, madenga ndi maboti akuluakulu a m'madzi opanda mchere, palibe chifukwa chothamangira chinthu chimene sitingathe kuchiunika, kuchisungunula kapena kuchiwoletsa.

Maboti a faibagalasi alipo kale panyanja yathu, makamaka m'malo okopa alendo, ndipo adzachuluka pamene mitengo ikutha. Nthawi yoika lamulo ndi ino, adakali owerengeka. Aphungu athu ndi akuluakulu oona za usodzi, za maulendo a panyanja ndi za chilengedwe atengere chitsanzo cha France: boti lililonse la faibagalasi likhale ndi nambala yosafufutika ndi mwini wodziwika, woitanitsa alipire kandalama kophwasulira pa tsiku limene botilo likulowa m'dziko, maboti okalamba amene ena akufuna kutaya kwawo asaloledwe kulowa, ndipo sukulu zathu za ntchito zamanja ziphunzitse achinyamata kumata faibagalasi atavala zoteteza mphuno ndi manja. Zimenezi zikachitika, asodzi agule maboti a faibagalasi ndipo mbawa zotsalazo zisiyidwe zikule.